Insipekita wa Pabalaza

Atate anapambana mayeso a loboti kuposa nkhalamba zonse za mu Dambwa, dera lathu la mu Livingstone. Malambo, mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku yunivesite, anabwera ndi mafunso makumi awiri ofuna kudziwa mmene munthu amaonera makina. Kodi mumawakhulupirira? Kodi mumawaopa? Mungalole kuti makina azikufunsani za umoyo wanu? Okalamba ena ankayankha mwachidule, maso ali kukhomo. Atate anga, a Amon Sakala, amene anayendetsa sitima yapanjanji zaka makumi atatu ndi zinayi, anamusunga Malambo maola awiri, mpaka tiyi anaphikidwa kawiri.

"Makina sanama, mwana wanga," anamuuza. "Wonama ndi munthu."

Pomuperekeza, Malambo anandigwira dzanja pageti. "Olipa, ba tate bako ni nambala wani. Sembe bonse bali so, nchito yanga sembe inasila kudala."

Lobotiyo sindinaifune chifukwa chokonda zachilendo. Atate ali ndi shuga, ndipo mapazi awo anasiya kumva. Mu Ogasiti anagwa m'bafa ine ndili kuntchito, nakhala pansi mpaka masana. Dokotala anatichenjeza kuti kachilonda ka paphazi la munthu wa shuga, kakachedwa kuonedwa, kamapita ndi mwendo. Mchimwene wanga Clement, amene amakhala ku Kitwe, anagamula pafoni kuti atate apite ku Chipata kwa azakhali, kumene pakhomo sipasowa munthu. Atate anati m'nyumba imene anamwalirira mkazi wawo adzatulukamo atanyamulidwa. Tinakangana sabata yonse, kenako tinapangana: akhale miyezi itatu ndi loboti ya kafukufuku wa Malambo. Chikachitika china chilichonse, Chipata, popanda kukambirananso.

Ine ndimachoka m'mawa kwambiri. Ndimagwira ntchito kukampani yonyamula alendo kuchokera kubwalo la ndege kupita nawo kumahotela, ndipo ndimabwerera dzuwa litapendeka. Pakati ponsepo atate amakhala okha.

Lobotiyo inali yotalika ngati chigubu cha madzi, ya mutu wobulungira ndi maso awiri owala pagalasi. Tinaiika pa kabati pabalaza. Inkalankhula Chinyanja choongoka ngati cha m'Baibulo, chimene mu Livingstone simungachimve ngakhale pa maliro. Ikakwana 8 koloko inkapereka moni n'kufunsa mafunso atatu: mwagona bwanji, mwamwa mankhwala, mwayang'ana mapazi anu ndipo pali chilonda? Mayankho akakhala abwino, foni yanga ndi ya Clement zinkalandira kadontho kobiriwira. Akakhala oipa, kofiira.

Funso lachitatulo ndilo linandimasula. Mwana wamkazi sauza atate ake kuti vulani nsapato ndione. Ndinali nditayesapo kawiri, ndipo kawiri konse tinangoyang'ana kumbali ngati anthu okumana pakhomo la chimbudzi. Tsopano panali wina wofunsa m'malo mwanga, wopanda manyazi.

Atate anailandira mwaulemu umene sindinauonepo ngakhale kwa abusa. Anaitcha ba Insipekita. Tsiku loyamba ndinawasiya atameta ndevu, atamanga tayi, atavala nsapato zawo zakuda zopaka polishi. Ndinaseka njira yonse mpaka kubwalo la ndege.

Amene sanaseke anali ba Harriet, oyandikana nafe, mayi wachitonga wogulitsa tomato ndi mafuta ophikira pageti pawo. Zaka zonse chimwalirireni amayi, ba Harriet ankalowa kwathu chakum'mawa ndi kapu yawo m'manja, n'kukhala ndi atate pakhonde kumvetsera madandaulo awo a tsikulo. Ataona maso a loboti akutembenukira kwa iwo, anabwerera chafutambuyo mpaka pa mtengo wa mango.

"Awe mwandi. Chinthu chilibe mtima koma chikamba? Chinichitisa mantha. Nizabwela chikayenda."

Ndinawafotokozera kuti sichijambula, chimangozindikira nkhope ndi kumva mawu. Anandimvetsera bwinobwino, n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo nayenso anaphunzira kwambiri koma akuba anamubera zonse pafoni. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo unkadutsa pamwamba pa mpanda.

Madontho anayamba kubwera. Lobiriwira, lobiriwira, lobiriwira. Sabata yoyamba ndinagona tulo tabwino. Clement anatumiza uthenga woti mwina anafulumira kulankhula.

Sabata yachiwiri ndinayamba kuliyang'ana dontholo nthawi yaitali kuposa mmene dontho limafunira. Atate ndimawadziwa. Ndi munthu amene amadandaula kuti madzi a masiku ano sanyowetsa ngati akale. Msana, udzudzu, tambala wa kwa ba Harriet, nyimbo zatsopano za kutchalitchi, palibe chimene chimapulumuka. Munthu ameneyu anagona bwino masiku khumi ndi awiri otsatizana, mu Okutobala, m'nyumba ya malata.

Loweruka pochapa ndinapeza sokosi zisanu zopanda zinzake. Sokosi imodzi ikasowa, ndi khalidwe la sokosi. Zikasowa zisanu, pali amene akudziwa kumene zapita. Posesa m'chipinda chawo ndinapeza mapatapata awo pansi pa bedi atachita fumbi. Kunja kunkatentha moti phula la mumsewu linkanunkha, koma atate ankakhala m'nsapato zotseka kuyambira m'mawa mpaka polowa kuchipinda.

"Atate, simukumva kutentha m'nsapatomo?"

"Pali mlendo panyumba."

"Nanga mapazi ali bwanji?"

"Funsa ba Insipekita ako. Si ndiwo unawalemba ntchito?"

Ndinaseka, chifukwa kuseka kunali kosavuta kuposa funso lotsatira.

Lachinayi, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi chibwerereni loboti, ndinaima pamalo olandirira alendo nditanyamula chikwangwani cha maina a banja lina lochokera ku Johannesburg. Ndege inachedwa. Dontho linafika mphindi zisanu itadutsa 8 koloko, lobiriwira ngati masiku onse. Popeza ndinalibe chochita, ndinayamba kuika zinthu pamodzi m'mutu: sokosi, mapatapata, nsapato, munthu wosadandaula. Kenako ndinadzifunsa kuti ndani anaona mapazi a atate komaliza ndi maso ake. Ine ayi. Loboti ayi, imangofunsa. Anali ba Harriet, pakhonde paja, pamene atate ankakhala opanda nsapato atatambasula miyendo. Ndipo ba Harriet anali asanalowe kwathu masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Ndinaimbira atate. Foni inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso katatu. Kenako ndinaimbira Malambo.

"Niuze, dontho ya girini itanthauza chani maningi?"

"Itanthauza kuti bayankha bwino mafunso yonse."

"Bayankha. Nanga ngati banama?"

Anaseka. "Banganamize loboti chifukwa chani? Olipa, kafukufuku yonse ionesa kuti banthu bamakamba zoona ku makina kuchila ku banthu. Kulibe nsoni. Elo ba tate bako ndiye bamene bakhulupilila makina kuchila bonse."

"Ndiye chamene chiniyofya," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa bwino chimene ndikutanthauza.

Ndinapatsa chikwangwani ba Muyoba, dalaivala wathu, n'kuwapempha kuti auze abwana kuti kunyumba kwavuta. Takisi inanditula mutauni. Minibasi ya ku Dambwa inali ndi anthu anayi okha, ndipo inaima pamenepo injini ikulira, kudikira kudzaza. Ndinakhala pampando wotentha ndikuimba foni ya atate. Mayi wina pambali panga ankasenda nthochi pang'onopang'ono, ndipo ndinamuda popanda chifukwa. M'mutu mwanga munali bafa, simenti yonyowa, ndi mawu a dokotala aja.

Ba Harriet anandiona ndikutsika mumsewu wathu ndikuthamanga, naimirira pa tebulo lawo la tomato.

"Iwe Olipa, nchito yasila?"

"Ba anti, mwabaona ba tate lelo?"

"Nabaona kuseni, kumbuyo ku dzenje ya zinyalala." Anatsitsa mawu. "Nenze nifuna kukuuza, manje nenze niyopa kuti uzakamba ati nalowelela. Bamashoka vinthu pa moto kuja. Masokosi. Elo bakafika kumbuyo kwa nyumba bamasunta mwendo monga munthu wopwetekedwa, so. Bakabwelela kusogolo, bayenda monga musilikali."

"Kuyambila liti?"

"Sabata yapita. Nabafunsa pa mpanda, bakamba ati ni msana."

"Tiyeni munithandize."

"Mukati muja? Na chija chinthu?"

"Ba anti, napapata."

Anapukuta manja pachitenje, nanditsatira mpaka pakhomo. Pamenepo anaima, phazi limodzi pa sitepe.

Atate anali pampando wawo pabalaza, tayi ili pakhosi, nyuzipepala ya dzana pamiyendo. Nkhope yawo inali yonyowa ndi thukuta, milomo youma. Foni yawo inali pa tebulo la kukhitchini, masitepe khumi kuchokera pamene anakhala, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake sinayankhidwe.

"Wabwerera chiyani masana ano? Akuchotsa ntchito?"

Ndinagwada patsogolo pawo. Mawu anatuluka aang'ono kuposa mmene ndinawakonzera m'minibasi.

"Atate, ndikupempha muvule nsapato."

Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana pa kabati. Maso a loboti anali atatembenukira kale kwa ife, chifukwa inamva mawu.

"Mwaswera bwanji, bambo Sakala?" inatero ndi Chinyanja chake cha paguwa. "Kunja kwatentha lero. Kodi mwamwa madzi?"

Atate anaongola msana. "Ndaswera bwino, bwana. Madzi ndamwa."

Kapu imene ndinawasiyira m'mawa inali pambali pawo, yodzaza.

"Atate, si munthu uyu. Si bwana wanu."

"Ndikudziwa kuti si munthu. Ukuyesa ndapenga?" Analankhula motsitsa, milomo yokha ikuyenda. "Akanakhala munthu bwenzi nditamuuza. Munthu umamuuza, n'kumupempha kuti asunge pamtima, mwina amaiwala. Ichi chikamva, chalemba. Chikalemba, chafika ku Kitwe tiyi asanazizire."

"Ndiye ntchito yake imeneyo."

"Eya, ndiye ntchito yake. Ine ndagwira ndi zoterezi iwe usanabadwe. M'injini munali kabokosi kolemba liwiro papepala. Sunkakangana nako. Insipekita akabwera, ankatsegula, n'kuwerenga, basi. Choongo, mnzanga, dalaivala wabwino kuposa ine, anauza insipekita kuti diso lake limachita nkhungu m'mawa. Anangonena mwaulemu, kuti amuthandize. Mwezi usanathe anali atamutsitsa pa injini, ndipo nyumba ya kampani anatulukamo ndi ana asanu ndi mmodzi. Tonse tinaphunzirapo. Chawonongeka umakonza wekha usanafike ulendo wa insipekita. Iye umamuonetsa zoyera."

"Ndiye mwakhala mukukonza chiyani?"

Anayang'ananso pa kabati.

Ndinaimirira n'kuzula chingwe cha loboti kukhoma. Maso ake sanazime.

"Zikuoneka kuti magetsi athima," inatero mokoma mtima. "Musadandaule, ndili ndi mphamvu ya maola asanu ndi limodzi."

"Waona?" anatero atate.

Sindinakumbukire pamene Malambo anandionetsa pozimitsira. Ndinainyamula m'manja ngati mwana, yofunda kumsana, n'kutuluka nayo. Ba Harriet anadumpha kuchoka pa sitepe, akutchula dzina la Yesu. Ndinadutsa pa dimba la repu mpaka kukhola lakale la nkhuku, n'kuiika mkati, n'kutseka chitseko ndi waya. Ndikubwerera ndinaimva ikufunsa mumdimamo ngati pali wina pafupi.

Nditalowa ndinapeza ba Harriet ali kale pabalaza, manja m'chiuno.

"Ba Sakala, imwe mwakula. Vaupuba vamene muchita ni va chani? Chosani nsapato."

"Mayi, mwana ali pano."

"Mwana azayangana kumbali. Olipa, yangana ku windo. Leta beseni na manzi."

Ndinapita kukatenga beseni. Ndili kukhitchini ndinamva zingwe za nsapato zikumasulidwa, kenako ba Harriet akupuma mokoka. Fungo linandipeza ndisanafike pakhomo. Sindinayang'ane kuwindo.

Sokosi inali itamatirira, ndipo anachita kuinyowetsa kuti ichoke. Pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanzere panali dzenje loti mutu wa chala changa ungalowemo. Atate anali atalipaka jivi, mankhwala a zilonda ofiirira aja, mosamala, mozungulira bwinobwino ngati ntchito ya munthu wodziwa penti. Chalacho chinali chitada. Kufiira kunali kutakwera mpaka pa kakolo.

"Ndi nsapato yomweyi inandidya," anatero atate, akuyang'ana phazilo ngati la munthu wina. "Tsiku lachitatu. Sindinamve kanthu, ndinangoona pa sokosi. Ndimatsuka ndi madzi a mchere kawiri pa tsiku. Chinayamba kuuma, ndiye chabwereranso."

"Nanga bwanji simunaleke kuvala nsapatoyo?"

"Ndikhale pamaso pa insipekita ndi chilonda pamtunda?"

Ba Harriet anapukusa mutu. "Sembe nenze kungena, sembe nachiona pa siku yoyamba. Ine na mantha yanga." Anatuluka kukaitana mwamuna wa mwana wawo, amene ali ndi takisi.

Kuchipatala tinadikira pa benchi mpaka dzuwa linachoka pa khonde. Namwino amene anatsegula nsalu imene tinakulunga phazilo sanakalipe. Anangoitana dokotala, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Dokotala anadina apa ndi apo, akufunsa ngati atate akumva. Sankamva. Anati chala chichoka mawa m'mawa. Za phazi anati tiona mmene mankhwala agwirire ntchito masiku atatu akubwerawa, ndipo sanafune kulonjeza.

Anawagoneka pa bedi la pafupi ndi khomo, botolo la mankhwala likudontha m'mkono. Ba Harriet anapita kukafuna madzi akumwa. Ine ndinakhala pa mpando wachitsulo, ndipo foni inayamba kunjenjemera m'manja mwanga. Clement. Malambo ayenera kuti anamuimbira nditamusiya ndi mantha aja.

Atate anaona dzinalo pagalasi.

"Umuuze kuti ndi malungo," anatero. "Masiku atatu ndituluka. Chala n'chiyani? Nsapato ikavalidwa palibe amene amawerenga zala."

Foni inaleka, n'kuyambanso. Ndikanatha kunena malungo. Clement ali kutali, ndipo amakhulupirira zimene ndamuuza. Ndinaganiza za nyumba yathu, za mtengo wa mango umene amayi anabzala, za atate atakhala pakhonde la azakhali ngati katundu wosungitsa. Ndinaganizanso za Lolemba, pamene ndidzatseka geti m'mawa n'kuwasiya okha ndi phazi limene dokotala wakana kulilonjeza.

Ndinayankha.

"Ba Clement, tili ku chipatala. Ni phazi. Bazachosa chala mailo."

Ndinamuuza zonse, sokosi ndi jivi ndi masiku amene chilondacho chakhala. Sanakalipe nayenso. Ndinkamva magalimoto a ku Kitwe kumbuyo kwake.

"Nibwela pa Sabata na motoka," anatero pomaliza. "Bakachoka mu chipatala nibapeleka neka. Uyambe kulonga vovala."

Foni yanga imamveka patali, ndipo atate anamva liwu lililonse. Ndinadikira kuti anditukwane, kapena atembenukire kukhoma. Anangoyang'ana botolo lija, dontho likugwa, lina likukula.

"Atate, pepani."

"Wanena zimene waona," anatero. "Ku Chipata njanji ilipo, anaimanga. Koma ndinakhalako sabata ziwiri pa maliro a amuna a azakhali ako, sitima sindinaimve ngakhale kamodzi."

Ba Harriet analowa ndi botolo la madzi, natiyang'ana tonse awiri. Anatsegula botololo n'kuwagwirira atate kumutu kuti amwe.